Chikuta cha akuluakulu

Ndisanabwere kuno ku Mangalande ndinali mzamba pa chipatala china cha boma m'chigawo chapakati. Kuseri kwa mateneti kunali dzenje la nsengwa, lowaka ndi simenti, chivundikiro chake chachitsulo, loko wake wadzimbiri woti potsegula umachita kumunyengerera. Mwana akabadwa, tikamanga mchombo n'kudula, tinkadikira nsengwa. Ikatuluka tinkaitembenuza uku ndi uku kuona ngati yabwera yathunthu, kenaka n'kuiponya mu ndowa. Kukamacha ndowa ija inkapita kudzenje. Mwezi wa September, pamene ana a pa Khirisimasi amabadwa motsatizana ngati anachita kupangana, mu ndowa munkatha kukhala nsengwa 10 kapena kuposa. Sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti ndikutaya chinthu cha mtengo. Nkhawa yanga inali yoti magazi asandidonthere pa nsapato.

Tsopano ndimagwira mu wodi ya odwala khansa ya m'magazi. Tsiku loyamba kuona magazi a mu mchombo akubwera kudzaikidwa mwa munthu, ndinkayembekezera chinthu chachikulu. Kunabwera chigubu chachitsulo chofika m'chiuno, chochita kukankha pa matayala. Mtsikana wa ku labu anavala magolovesi aakulu ngati a wowotcherera zitsulo, n'kutsegula. Utsi woyera unasefukira pansi. Anapisa dzanja n'kutulutsa kathumba kouma gwa, kopyapyala, kosadzaza n'chikhatho chomwe. Mamililita 25 basi. Ndinalephera kudzigwira.

"Kameneka?"

Anangomwetulira, poti funso limeneli analimva kambirimbiri. Kathumbako kanali katagona zaka zambiri mu nayitrojeni wamadzi, wozizira madigiri 196 kunsi kwa ziro. Mwana amene anasiya magaziwo mwina anali atayamba kale sekondale, osadziwa kanthu. Anakasungunula m'madzi ofunda, ife n'kukalumikiza ngati dilipi wamba. Mphindi zowerengeka, zatha. Panalibe mpeni, panalibe kusoka. Chinatsala ndi fungo. Mankhwala omwe amateteza maselo kuti asasweke pozizira, otchedwa DMSO, amatulukira mu mpweya wa wodwala, ndipo chipinda chonse chimanunkha chimanga cha m'chitini tsiku lonse ndi mawa lake. Mpaka lero chimanga chimenecho sindichiyandikira.

Tsiku limenelo timalitcha tsiku 0. Zonse zimene ndikufuna kunena pano zili m'masiku otsatirawo.

M'kati mwa mafupa, m'mafuta aja ana amalimbirana kuyamwa pa fupa la ng'ombe, muli maselo ochepa kwambiri omwe amabereka magazi onse. Madokotala amati ma stem cell. Ine ndimati ntchembere za magazi. Maselo ofiira onyamula mpweya, oyera olimbana ndi matenda, tizidutswa tija toumitsa magazi pa bala, onsewo ndi ana ndi zidzukulu za ntchembere zimenezi. Ntchito yake si yamasewera: sekondi iliyonse thupi limapanga maselo ofiira pafupifupi 2 miliyoni. Ntchembere ikagawikana, mwana mmodzi amapita kukagwira ntchito, wina amatsala pakhomo n'kukhala ntchembere nayenso. N'chifukwa chake mbumba imeneyi siitha mpaka munthu kukalamba. Mwana wongobadwa kumene ali nazo ntchemberezi zikuyenda m'magazi, ndipo zina zimatsalira mu mchombo ndi mu nsengwa, momwe muja ndinkataya ine.

Wodwala khansa ya m'magazi timayamba tamuphera mafuta ake a m'mafupa ndi kemo wamphamvu, kuti khansa ipite nawo limodzi. Kenaka timalowetsa ntchembere za munthu wina mu mtsempha, ndipo zimadzipezera zokha njira ya ku mafupa. Koma sizifika n'kuyamba kubereka tsiku lomwelo. Pakati pamenepo munthu amakhala opanda chitetezo chilichonse. Kachilombo koti inu ndi ine sitingakamve n'komwe kakhoza kumutenga usiku umodzi.

Kwathu mwana akabadwa amakhala m'chikuta ndi mayi ake mpaka mchombo utagwa. Salowamo wina aliyense, ndipo munthu wotentha sagwira khanda. Agogo anga akanaona chipinda cha odwala athu akanachizindikira msanga. Zitseko ziwiri, mpweya wosefa, aliyense wolowa asambe m'manja ndi kuvala epuloni. Maluwa ayi, ndiwo zosaphika ayi, mwana wa chimfine ayi ngakhale akhale wake yemwe. Kusiyana kwake n'koti m'chikuta chathuchi muli munthu wamkulu, wandevu, wodziwa kuwerenga masiku. Chimamutulutsa si kugwa kwa mchombo koma nambala. Maselo oyera otchedwa ma neutrophil akafika pa 0.5 masiku atatu otsatizana, timati zagwira. Amene walandira maselo a munthu wamkulu amadikira milungu iwiri kapena itatu. Wa magazi a mu mchombo amadikira itatu, inayi, pena kuposa.

Ndikukumbukira bambo wina wochokera kumadzulo kwa Africa, chimunthu chamsinkhu, makilo oposa 90. Magazi timatenga cha m'ma 5 m'mawa, zotsatira zimabwera anthu akumwa tiyi. Ndikangotsegula chitseko chachiwiri ankandiyang'ana m'maso asanandipatse n'moni womwe.

"Sisitala, lero zingati?"

"Sizinayambe, bambo."

Tsiku 10, palibe. Tsiku 15, palibe. M'kamwa zilonda zokhazokha, malovu omwe kumeza kukanika. Tsiku 18 thupi linatentha, pofika madzulo chifuwa chatseka, tinamutsitsira kwa odwala mwakayakaya. Akazi awo ankakhala pampando wa pakona, epuloni ya pulasitiki pamwamba pa diresi la kutchalitchi, osalankhula. Anabwerako bamboyo, mwa chisomo. Tsiku 27 pepala linati 0.2, ndipo ndinachita kulowa nalo chothamanga ngati ndine ndakhoza mayeso. Mtsikana wina wa chipinda choyandikana, amene analandira magazi a mtundu womwewo mwezi womwewo, sanafike tsiku 27.

Mungafunse kuti nanga bwanji kuvutika ndi magazi ochedwa chonchi. Yankho lake likutikhudza ife anthu akuda kuposa ena onse. Kuti maselo a munthu wina akhale mwa iwe mwamtendere, zizindikiro zina za pa maselo, zotchedwa HLA, ziyenera kufanana. Izi si gulu la magazi lija la A, B kapena O, ndi nkhani ina. M'bale wako wa bere limodzi ali ndi mwayi umodzi pa inayi wofanana nawe ndendende. Akalephera abale, amakafufuza m'kaundula wa anthu odzipereka. Kafukufuku wa ku America wa 2014 anapeza kuti mzungu wa makolo a ku Ulaya ali ndi mwayi wa 75 pa 100 wopeza wofanana naye kotheratu, pomwe munthu wakuda mwayi wake uli pakati pa 16 ndi 19. Zifukwa zake ndi ziwiri. M'makaundulamo tilimo ochepa, komanso ife a mu Africa ndife osiyanasiyana kwambiri m'magazi kuposa anthu a kwina kulikonse, poti mtundu wa anthu unayambira konkuno ndipo wakhala nthawi yaitali ukuphuka nthambi.

Magazi a khanda ndi ofatsa. Maselo ake oteteza thupi sanaphunzire tsankho, choncho ngakhale zizindikiro zifanane 4 zokha pa 6, amatha kukhala mwa mlendo osamuukira kwambiri. Amakhalanso okonzeka kale m'chigubu, osafuna kusaka munthu amene analembetsa zaka 10 zapitazo n'kusamuka osasiya adiresi. Bambo uja abale ake onse anali kwawo, ndipo nkhani ya ma visa mukuidziwa. Kathumba kaja ndiko kanali m'bale wake wapafupi.

Njira imeneyi si yakale kwenikweni. Inayamba mu October 1988 ku Paris, pa chipatala cha Saint-Louis, pamene dokotala Eliane Gluckman anaika magazi a mu mchombo mwa Matthew Farrow, mnyamata wa zaka 5 wa ku North Carolina yemwe ankadwala Fanconi anaemia, matenda obadwa nawo olepheretsa mafupa kupanga magazi. Magaziwo anali a mlongo wake wakhanda. Anawasunga mozizira ndi Hal Broxmeyer wa ku Indiana University, amene anali atasonyeza kale kuti mu mchombo muli ntchembere zokwanira kupulumutsa munthu. Mnyamatayo anachira, anakula, n'kukhala bambo wa mwana. Patangopita zaka zochepa New York Blood Center inatsegula nkhokwe yoyamba ya magaziwa yothandiza aliyense, ndipo mu 1993 Joanne Kurtzberg wa ku Duke University anaika mwa mwana magazi a khanda losakhala pachibale naye. Kuno nkhokwe ya NHS, bungwe la zipatala za boma, inayamba mu 1996.

Koma taonani kuti oyambawo anali ana. Vuto lagona pa sikelo. Mu mchombo ndi mu nsengwa mumachoka magazi osadzaza kapu ya tiyi, ndipo maselo amene wodwala akufunika amawerengedwa pa kilo iliyonse ya thupi lake: osachepera 25 miliyoni pa kilo. Mwana wa makilo 20 akufunika 500 miliyoni, sizivuta. Bambo wa makilo 90 akufunika oposa 2 biliyoni, pomwe mathumba ambiri m'nkhokwe ali ndi cha m'ma 1 biliyoni. Ufa wa phala la mwana ukufuna kudyetsa mlimi wochokera kumunda. Ntchembere zikachepa zimachedwa kudzaza mafupa, pena osagwira n'komwe.

A ku University of Minnesota, John Wagner ndi Juliet Barker, anayesa nzeru yomwe mayi aliyense angaganize: ngati thumba limodzi lachepa, ikani awiri, a makanda awiri osiyana. Zinatheka, ndipo zinatsegulira akuluakulu khomo. Bambo wathu uja analandira awiri. Chodabwitsa n'choti makanda awiriwa sakhalira limodzi mpaka kalekale. Pakapita miyezi, kawirikawiri mmodzi amagonjetsa mnzake n'kutsala yekha m'mafupa. Chikuta nacho sichinafupike kwenikweni, pomwe mtengo unawirikiza.

Ndiye panatsala funso lomwe lavutitsa akatswiri zaka zoposa 30. Bwanji osatenga maselo ochepawo n'kuyamba wawachulukitsa mu labu, monga mlimi wa fodya amayambira ku nazale asanawokere mbande kumunda?

Pongomva, n'zophweka. Kuchulukitsa maselo m'mbale asayansi amakudziwa. Zakudya zake zilipo, ndipo timadzi ta m'thupi touza maselo kuti agawikane tinapezeka kalekale. Ukathira timadzi timeneti pa maselo a mu mchombo, pakatha mlungu mbale yadzaza, n'kumaomba m'manja. Koma ukawaika mwa wodwala, phindu lake losaoneka. Chinkachitika n'choti m'mbalemo ntchembere ikagawikana, ana onse awiri ankapita ku ntchito, osatsala wapakhomo. Umapeza mudzi wodzaza ndi anyamata amphamvu koma wopanda wobereka. M'mafupa mwenimwenimo ntchembere zimakhala phee, zambiri zili mtulo, m'timakona ta mpweya wochepa, zitazunguliridwa ndi maselo ena omwe amazilera n'kumaziletsa kutuluka. Ukazichotsa pamenepo n'kuziika poyera, ukuzikuwira kuti zibereke, zimaiwala chomwe zili. Luso lonse lagona apa: kuziuza kuti chulukanani koma musakule.

Anthu anazungulira nazo njira zosiyanasiyana. Ku Seattle, pa Fred Hutchinson, Colleen Delaney ndi Irwin Bernstein anapaka pansi pa mbale puloteni yotsanzira mawu amene maselo olera aja amanong'oneza ntchembere, ndipo mu 2010 anaonetsa odwala awo akufika pa nambala ija cha pa tsiku 16 m'malo mwa 26. Ku Houston, pa MD Anderson, Elizabeth Shpall ndi Marcos de Lima anangoganiza zotenga olerawo n'kuwayala m'mbale ngati mphasa, ntchembere n'kugona pamwamba; mu 2012 anapeza masiku 15 m'malo mwa 24. Koma m'njira ziwirizi maselo a mu labu ankakhala ngati aganyu. Ankathandiza milungu yoyambayo kenaka n'kuzilala, ndipo wodwala ankadalirabe thumba lachiwiri losakhudzidwa kuti likhazikike mpaka kale. Ena anasankha khama la nyerere. Ku San Diego anayesa mankhwala 100,000, amodziamodzi, mpaka anapeza amodzi ochulukitsa ntchembere, omwe anawatcha SR1. Ku Japan gulu lina linapeza mu 2019 kuti PVA, chinthu chomwe chimapezeka mu guluu wa ana a sukulu, chimachulukitsa ntchembere za mbewa maulendo mazanamazana pa mwezi umodzi. Nditawerenga zimenezo ndinaseka ndekha mu basi.

Koma yomwe inandikhudza ndi ya nicotinamide. Dzinali ndinalidziwira ku sukulu ya unamwino, osati pa nkhani ya khansa koma ya njala. Ndi mtundu wa vitamini B3, mankhwala a pellagra, matenda aja ogwira munthu wodya chimanga chokhachokha: khungu la m'khosi ndi m'manja kuda n'kumasweka ngati lapsa, kutsekula m'mimba, mapeto ake mutu kusokonekera. Aphunzitsi athu ankatisimbira za chaka cha 1990, pamene anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique oposa 18,000 anadwala matendawa m'misasa ya ku Malawi, mtedza utasowa pa chakudya chomwe ankalandira. Mapiritsi otchipa, ogawa m'manja. Ndiye kampani ina ya ku Jerusalem, Gamida Cell, inapeza kuti vitamini yemweyu, ukamuthira m'mbale muli maselo a mu mchombo, amawaletsa kukula msanga, ndipo amawathandiza kupeza njira ya ku mafupa akalowa m'thupi.

Kachitidwe kake n'kotere. Amasungunula thumba lomwe lasankhidwira wodwalayo n'kupatula maselo aang'ono aja pogwiritsa ntchito chizindikiro chawo chotchedwa CD133. Otsalawo, momwe muli maselo oteteza thupi, amawaumitsanso n'kuwasunga. Opatulidwa aja amakhala mu nazale masiku 21 ndi nicotinamide pamodzi ndi timadzi towachulukitsa. Akatha amawaumitsa, n'kutumiza magawo onse awiri ku chipatala, komwe amaikidwa tsiku limodzi. Thumba limodzi basi, lopanda lina lolichirikiza.

Mitchell Horwitz wa ku Duke anatsogolera kafukufuku wa odwala 125 m'maiko angapo, theka kulandira magazi a mu mchombo monga mwa nthawi zonse, theka kulandira ochulukitsidwawa. Zotsatira zinatuluka mu 2021. A njira yakale anafika pa nambala ija cha pa tsiku 22. A njira yatsopano, tsiku 12. Matenda aakulu a mabakiteriya ndi mafangasi m'masiku 100 oyamba anagwira 57 pa 100 alionse a njira yakale, ndi 37 a njira yatsopano. Pa 17 April 2023 bungwe la FDA la ku America linavomereza mankhwalawa, omidubicel, ogulitsidwa pa dzina loti Omisirge, kwa odwala khansa ya m'magazi a zaka 12 kupita m'tsogolo.

Masiku 10. Munthu wa kunja akhoza kunena kuti zaka 30 za kafukufuku n'kupindula masiku 10 okha? Amene wanenayo sanatsegulepo chitseko chachiwiri chija m'mawa. Bambo wathu chifuwa chinamugwira tsiku 18. Mtsikana uja anayamba kutentha thupi mlungu wachitatu. Onse awiri, akanakhala kuti zinagwira tsiku 12, matendawo akanapeza pakhomo pali alonda. Sindikunena kuti mtsikanayo akanakhala moyo, zimenezo si zanga kunena. Kafukufuku uja nayenso sanafike potsimikizira kuti opulumuka anachuluka, poti kusiyana komwe kunaoneka pa imfa kunali koti kukhoza kungochitika mwamwayi pa gulu laling'ono chonchija. Koma ine amene ndimasintha zofunda zonyowa ndi thukuta 3 koloko usiku, masiku 10 ndimawadziwa kutalika kwake.

Ku Montreal kuli njira ina yomwe, kunena zoona, ndimaikonda kuposa. Guy Sauvageau ndi katswiri wa mankhwala Anne Marinier anatulukira kamankhwala komwe anakatcha UM171, zilembo ziwirizo kuimira yunivesite yawo, ndipo analengeza mu 2014. Nako maselo amakhala mu nazale mlungu umodzi wokha. Chomwe chimandisangalatsa si liwiro koma ufulu wosankha. Masiku onse dokotala amakakamizika kutenga thumba lalikulu ngakhale lisafanane bwino ndi wodwala, n'kusiya laling'ono lofanana naye kwambiri. Gulu la ku Montreal linawerengera kuti munthu wa makilo 70 amatha kugwiritsa ntchito mathumba 5 okha pa 100 alionse a m'nkhokwe, koma ndi UM171 angathe kusankha pa pafupifupi theka. Dokotala Sandra Cohen anayesa zimenezi pa odwala ku chipatala cha Maisonneuve-Rosemont, ndipo mu 2025 maiko a European Union anavomereza mankhwalawa, pa dzina loti Zemcelpro, kwa akuluakulu osowa wowapatsa maselo. Kwa munthu wakuda, amene mathumba ofanana naye ndi owerengeka kale, kusataya limodzi chifukwa chochepa ndi nkhani yaikulu.

Tsopano mbali yowawa. Omisirge atatuluka, mtengo wake unali madola 338,000. Amenewo ndi maselo okha, osawerengera thumba logula ku nkhokwe, kemo, chipinda, ndi ife anamwino. Musayerekeze kuwerengera m'makwacha, mutu ungakupwetekeni. Ngakhale mu wodi yathu, m'dziko lolemera lino, ine sindinagwirepo thumba la maselo ochulukitsidwa. Ndimangowerenga ndi kumva madokotala akukambirana pa nthawi ya tiyi.

Komanso pamene a nazale ankalimbana ndi mbale zawo, ena anatulukira njira yachidule. Ku Johns Hopkins, mu mzinda wa Baltimore, anapeza kuti ukhoza kutenga maselo a wachibale wofanana nawe theka lokha, kholo lako kapena mwana wako, bola pa tsiku 3 ndi 4 upereke cyclophosphamide kuti aphe maselo olusa omwe ayamba kuukira mwini thupi. Mankhwala amenewa ndi akale, otchipa, omwe aja akhala akuchiritsa ana odwala khansa ya Burkitt lymphoma ku Queens ku Blantyre kwa zaka zambiri. Pafupifupi aliyense ali ndi wachibale wa theka. Chiyambireni njira imeneyi, zipatala zambiri zachepetsa kugwiritsa ntchito magazi a mu mchombo. Ndikaganiza za kwathu, sindidzinamiza. Tsiku lomwe Malawi adzayambe kuika maselo amenewa, m'malo motumiza odwala ku India, adzayambira pa abale, monga a Tanzania anachitira ku chipatala cha Benjamin Mkapa ku Dodoma mu 2023 ndi ana a sickle cell. Nkhokwe ya mathumba imafuna nayitrojeni wosadukiza ndi magetsi osaphethira, ndipo apa ndisanene zambiri.

Komabe magazi a mu mchombo sanathe ntchito. Alipo odwala opanda wachibale woyenera: makolo akalamba, ana ndi aang'ono, abale ali kutsidya kwa nyanja. Alipo omwe matupi awo amakana maselo a abale awo. Ndipo mayi wina wa ku New York, amene analengezedwa mu 2022 kuti HIV sikupezekanso m'thupi mwake atamuika maselo pochiza khansa, anathandizidwa ndi magazi a mu mchombo wa khanda lomwe maselo ake kachilomboka sikatha kulowamo. Iye ndi wa makolo a mitundu yosakanikirana, mmodzi mwa aja kaundula sawapezera mnzawo. Kuti asadikire nthawi yaitali m'chikuta, anamuikanso maselo a wachibale wamkulu oti amugwirizize milungu yoyamba, ntchito yomweyo imene nazale ikufuna kugwira.

Chaka chatha mng'ono wanga wa ku Johannesburg, ali ndi pakati pa miyezi 7, ananditumizira pa WhatsApp chithunzi cha kapepala konyezimira komwe anapatsidwa ku sikelo. Kampani ina yosunga magazi a mu mchombo, khanda lokongola pachikuto, mawu okoma onena za tsogolo la mwana wanu.

"Achemwali, tilipire? Abambo ake akuti tikongole."

Ndinamuuza kuti ndalamazo agulire matewera. Mwana amene wabadwa ndi matenda a m'magazi ochokera kwa makolo, magazi ake a mu mchombo ali ndi matenda omwewo. Akadwala khansa ya m'magazi ali wamng'ono, madokotala safuna kumubwezera maselo ake omwe, amafuna a munthu wina oti akalimbane ndi khansayo. Kusungira banja kuli ndi nzeru pamene m'nyumbamo muli kale mwana wodwala woti mng'ono wake angamuthandize, monga zinalili ndi Matthew Farrow. Chomwe chikanathandiza anthu ambiri ndi nkhokwe ya aliyense, yodzaza ndi magazi a makanda a ku Soweto, ku Ndirande, ku Matero. South Africa ili ndi kaundula wa anthu odzipereka kuyambira 1991, koma nkhokwe za mchombo zomwe zilipo kumeneko ndi zolipira. Labu ikhoza kuchulukitsa maselo ochepa kukhala ambiri, koma singachulukitse omwe anapita kudzenje.

Ndinamuuzanso china, ndipo apa analankhula ndi mzamba wa kale uja, osati namwino wa khansa. Magazi a mu mchombo mwini wake woyamba ndi khandalo. Bungwe la WHO limati tisathamangire kumanga mchombo, tidikire mphindi imodzi mpaka zitatu, kuti magazi apitirire kulowa mwa mwana. Amenewo amamupatsa ayironi womuthandiza miyezi yoyamba, ndipo kwathu, komwe ana ambiri amakula ndi magazi ochepa, mphindi zimenezo ndi chakudya. Koma ukadikira, otsalira mu nsengwa amachepa, thumba n'kukhala laling'ono. Kwa zaka zambiri azamba ndi osunga magazi akhala akukokana pa mphindi zimenezi mwakachetechete. Ine ndili mbali ya khanda, ndipo sindisuntha. N'chifukwa chakenso nkhani ya nazale imandipatsa mtendere wina: ngati kathumba kakang'ono kangakwanire munthu wamkulu, palibenso chifukwa chomanira mwana. Ayambe wakhuta mwini wake, zotsala m'mbale ndizo zipite kwa mlendo.

Bambo uja anatuluka tsiku 41, atatsika makilo ambiri, jekete ikumukhwepa. Patapita miyezi anabwera ku kiliniki n'kudzatisuzumira ku wodi. Anandiuza moseka kuti gulu la magazi ake lasintha, tsopano ndi la khanda lija linapambana, ndipo dokotala wamuuza kuti linali lalikazi. Akuti akazi awo amamunena kuti n'chifukwa chake masiku ano sachedwa kulira.

Lamlungu lotsatira ndinaimbira amayi kumudzi. Titatha za mvula ndi za mtengo wa feteleza, ndinawafunsa kuti kodi mchombo wanga unakwiriridwa pati. Anakhala chete mpaka ndinayesa netiweki yadula.

"Ufuna utani nawo?"

"Ayi, ndimangofuna kudziwa."

"Zimenezo safunsa. Anatenga ndi agogo ako, ndipo sanandiuze ngakhale ine." Ndinamva akuthamangitsa nkhuku, kenaka anabwerera pa foni. "Koma ngati ukunena nsengwa, ufunse anzako a ku chipatala. Ndi amene anapita nayo kuseri."